Njinga yakale ya Raleigh kapena Humber: osathamangira nayo pa sikelo

M'makomo ambiri muli njinga yakapalasa yomwe inasiya kuyenda kalekale, yatsamira khoma la nkhokwe kapena yapachikidwa kudenga. Ogula zitsulo zakutha akafika, mwini wake amaipereka pa sikelo, n'kulandira ndalama yongokwana ndiwo za tsiku limodzi. Komatu zina mwa njingazi, makamaka zopangidwa ku England, zili ndi mtengo woposa kulemera kwa chitsulo chake. Wamalonda wodziwa kuzizindikira atha kupeza phindu, pamene wosadziwa amataya ndalama pogulitsa motchipa kapena pokonza molakwika.

Njinga zotere zinalowa m'dziko muno kudzera m'masitolo a nthawi ya atsamunda, ndipo zina zinabwera ndi anthu omwe ankakagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Kalelo, kubwerako ndi njinga chinali chizindikiro choti munthu wakagwiradi ntchito.

Kampani ya Raleigh inayambira mu mzinda wa Nottingham m'zaka za m'ma 1880. Mu 1932 inagula gawo lopanga njinga la kampani ya Humber, mu 1943 inagula Rudge-Whitworth, ndipo mu 1957 inatenganso njinga za BSA. Fakitale ya ku Nottingham inasiya kupanga njinga mu 2002. Choncho njinga yochokera kumeneko siingapezekenso yatsopano, ndipo apa ndi pomwe pagona mtengo wake.

Kuizindikira

Njinga za Phoenix ndi Flying Pigeon za ku China, komanso Hero ndi Avon za ku India, zinatengera kapangidwe komweko: felemu yakuda, mabuleki a ndodo zachitsulo ndi matayala a 28. Ukaziona patali sungasiyanitse. N'chifukwa chake wogula sayenera kungokhulupirira za pakamwa.

Poyambira ndi kachitsulo ka chizindikiro kutsogolo kwa felemu, pansi pa mahandulo. Ka Raleigh kamaonetsa mutu wa mbalame yonga kakowa. Pa Raleigh zambiri zakale, mitu ya mbalameyi imaonekanso pa giya yaikulu yozunguza tcheni. Pa Humber zambiri, giya imeneyi ili ndi tianthu togwirana manja mozungulira, ndipo foloko yake ili ndi mapaipi awiri ang'onoang'ono mbali iliyonse m'malo mwa imodzi. Rudge imadziwika ndi chizindikiro cha chikhatho. Kachizindikiro kakutsogolo munthu atha kukachotsa pa njinga ina n'kukakhomera pa ina, choncho zizindikiro ziyenera kugwirizana malo angapo.

Zaka za njinga zimadziwika mosavuta ngati ili ndi habu ya magiya ya Sturmey-Archer ku wilo lakumbuyo. Pa habupo pamadindidwa chaka ndi mwezi. Manambala 63 ndi 5 akutanthauza mwezi wa May chaka cha 1963. Koma wilo litha kukhala lochokera pa njinga ina, ndiye ndi bwino kuonanso nambala ya felemu, yomwe kawirikawiri imakhala pafupi ndi polowera chishalo kapena pansi pa felemu pomwe pamazungulira mapedulo. Chishalo chachikopa cha Brooks chikakhalapo, chimawonjezera mtengo.

Mitengo itatu

Njinga yakale ili ndi mitengo itatu. Woyamba ndi wa pa sikelo, womwe ndi wotsikitsitsa. Wachiwiri ndi wa munthu wofuna njinga yoyendera kapena yonyamulira katundu. Wakabaza sagula dzina, amagula kulimba, ndipo sangalipire kuposa mtengo wa njinga yatsopano ya m'sitolo. Wachitatu ndi wa anthu osunga zinthu zakale, eni malo ogona alendo ndi odyera omwe amakongoletsera malo awo, komanso ojambula zithunzi za maukwati. Awa ndiwo amalipira bwino, koma ndi ochepa, ndipo njinga itha kukhala miyezi isanapeze wogula. Wamalonda wa mpamba wochepa asamangirire ndalama yake yonse pamenepa.

Mitengo yooneka pa intaneti, monga pa eBay, imathandiza kudziwa mtundu womwe ukufunidwa, koma choyenera kuona ndi mtengo womwe njinga zinagulitsidwira, osati womwe mwini wake akupempha. Ngakhale umenewo ndi wa misika yakunja, ndipo kutumiza njinga kunja kumadya ndalama zambiri.

Masamu ake ndi awa: pa mtengo womwe akuyembekeza kudzagulitsira, wogula achotsepo ndalama ya masipeyala, malipiro a makaniko, thiransipoti ndi phindu lake. Yotsalayo ndiyo malire a ndalama yogulira. Felemu yowotchereredwa, foloko yopindikira m'mbuyo, penti yochita makwinya kuseri kwa khosi la njinga, zomwe zimasonyeza kuti inawombapo chinthu, ndi dzimbiri loboola mapaipi, zonsezi zimabwezera njinga ku mtengo wa pa sikelo.

Kukonza osawononga

Cholakwika chachikulu ndi kupala penti yonse n'kupaka yatsopano ndi bulashi. Kwa wokonda zakale, penti yoyambirira, mizere yagolide ndi zilembo za kampani, ngakhale zitazilala, ndi umboni woti njingayo ndi yeniyeni. Chofunika ndi kuitsuka ndi sopo ndi madzi, kuiumitsa, kenako n'kuipaka polishi ya galimoto.

Dzimbiri la pa mahandulo ndi malimu limachoka popukuta ndi pepala la aluminiyamu lonyowetsa, kapena sitiliwulo yosalala yothira timafuta. Sandipepa amasupula chitsulo chonyezimiracho. Tcheni ndi timipira tachitsulo ta m'mahabu zitsukidwe mu parafini, ndipo timipirato tibwezeredwe ndi gilisi watsopano. Habu yakale ya Sturmey-Archer ili ndi kabowo kothirira mafuta, ndipo imafuna madontho ochepa a oyilo wopepuka. Chishalo chachikopa chisanyikidwe m'madzi kapena kupakidwa oyilo wa injini.

Pali msampha wina womwe amakaniko ena amagweramo. Mazinga a pakhosi ndi a pamalo pozungulira mapedulo pa Raleigh za ku Nottingham ndi 26 pa inchi imodzi, pamene njinga zina zambiri ndi 24. Sipeyala ya pamsika imalowa pang'ono kenako n'kulimba, ndipo woikakamiza ndi sipanala amawononga felemu. Nati iliyonse yochotsedwa isungidwe. Pochotsa kotapini, nati imasulidwe pang'ono kaye ndipo pansi pachirikizidwe ndi chitsulo asanamenye ndi hamala.

Matayala, machubu ndi mphira za mabuleki ndi zinthu zakutha, ndipo kuzisintha sikutsitsa mtengo. Mwayi wake, matayala a 28 x 1½ akupezekabe m'misika chifukwa njinga za ku India ndi China zimavala omwewo. Chilichonse chomwe chasinthidwa chiikidwe m'thumba, chiperekedwe pamodzi ndi njinga.

Pogula ndi pogulitsa

Njinga yotchipa mokayikitsa itha kukhala yakuba, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu. Wogula alembe nambala ya felemu, aone chiphaso cha wogulitsa, ndipo alemberane pamaso pa mboni kapena amfumu. Ngati ndi ya malemu, abale agwirizane kaye. Mbiri ya njingayo, monga yemwe anaigula, chaka ndi komwe inachokera, ilembedwenso, chifukwa ogula zakale amaifuna.

Potsatsa pa Facebook kapena WhatsApp, zithunzi zionetse chizindikiro chakutsogolo, giya, habu, chishalo ndi malo onse owonongeka. Wobisa chilema amagulitsa kamodzi kokha, pamene wonena zoona ndi yemwe amafunsidwanso ngati wapeza ina.