Ulendo wa Chiponde: Kuchokera ku France, Kudzera ku Blantyre, Mpaka ku Tsangano

Mayi aliyense amene amapita ndi mwana ku sikelo m'boma la Ntcheu akudziwa kachingwe ka mitundu itatu kamene alangizi a zaumoyo amakulunga pamkono wa mwana. Kakaonetsa pofiira, ndiye kuti mkonowo sunakwane masentimita 11.5, ndipo mwanayo wanyentchera kwambiri. Mwana wotere, ngati ali ndi chilakolako cha chakudya ndiponso alibe matenda ena, amapatsidwa timapaketi ta chiponde kuti azikadyera kunyumba. Ambiri amayesa kuti chipondecho ndi mphatso chabe yochokera kunja. Zoona zake n'zakuti chinabadwa chifukwa cha mgwirizano wa maiko, ndipo Malawi anagwirapo ntchito yaikulu.

Kale mwana wonyentchera kapena wotupikana ankayenera kugonekedwa m'chipatala, kumagulu, masabata angapo, akumwa mkaka wapadera. Mkakawo unali wabwino, koma unkafunika kusungunula ndi madzi aukhondo, ndipo ukakhalitsa pang'ono unkaonongeka. Motero sukanatheka kuperekedwa kumudzi. Tsono mayi wa ku Tsangano kapena ku Kasinje ankayenera kusiya munda, ana ena ndi ziweto, n'kukakhala m'chipatala cha pa boma. Popeza kunyentchera kumachuluka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ntchito ya kumunda ili pakati, amayi ambiri ankathawa m'chipatala mwana asanachire. Sikunali kusasamala ayi. Kunali kusankha pakati pa mwana mmodzi ndi chakudya cha banja lonse.

M'chaka cha 1996, dokotala wa ku France, André Briend, pamodzi ndi kampani ya Nutriset, anapeza njira yoika mphamvu ya mkaka uja m'chakudya chosafuna madzi kapena moto. Anasakaniza mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi. Popeza mulibe madzi, tizilombo toyambitsa matenda sitiswana m'menemo, ndipo paketi imatha kusungidwa miyezi yambiri. Koma funso linatsala: kodi mayi wa kumudzi angachiritse yekha mwana wodwala chotere? Yankho linapezeka kuno. Kuyambira mu 2001, dokotala wa ku America, Mark Manary, pamodzi ndi anamwino ndi madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anayesa njirayi, ndipo ana ambiri anachira ali kwawo. M'chaka cha njala cha 2002, mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International anaiyesanso m'midzi ya ku Dowa mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Mu 2004 kunakhazikitsidwa bungwe la Project Peanut Butter, limene linayamba kupanga chiponde ku Blantyre ndi mtedza wa alimi a m'dziko muno.

Zotsatira za ku Malawi, Ethiopia ndi maiko ena zinafika ku mabungwe a United Nations, ndipo mu 2007 WHO, UNICEF ndi WFP analengeza limodzi kuti njirayi itsatidwe pa dziko lonse. Ndiye kuti amayi a m'midzi ya ku Malawi, amene anasunga malangizo mokhulupirika, anathandiza kupulumutsa ana a maiko amene iwo sanawaonepo.

Komabe chiponde ndi mankhwala, si ndiwo za banja. Mapaketi amawerengedwa molingana ndi kulemera kwa mwana wodwalayo, ndipo mwana akagawana ndi abale ake, kapena paketi ikapezeka pamsika, mwanayo sachira msanga. Asanadye asambe m'manja, apatsidwe madzi abwino akumwa, ndipo ngati akuyamwa, ayambe wayamwa. Akakana kudya, akatentha thupi kapena kutsegula m'mimba, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Palinso vuto lina limene chiponde sichingathetse, ndilo kupinimbira. Kafukufuku wa boma anapeza kuti mu 2010 ana 47 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo pofika 2016 analipo 37. Mu 2011 Malawi analowa m'gulu la maiko lotchedwa Scaling Up Nutrition, limene limaika mtima pa masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mu 2015 maiko a mu United Nations analonjezana kuthetsa njala ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi pofika 2030.

Chodabwitsa n'chakuti Ntcheu si boma losowa zakudya. Wodutsa pa Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano amaona milu ya kachewere, kabichi, tomato, karoti ndi nyemba, ndipo kuchigwa cha Bwanje kumalimidwa mtedza. Zambiri mwa izi zimakwera malole kupita ku Blantyre ndi Lilongwe, pamene mwana wa mlimi yemweyo akumwa phala la ufa woyera lothira mchere wokha. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Kenaka phala lake likhale la mgaiwa, lolimbako, lothira nsinjiro, masamba osinja, dzira kapena usipa wopera, ndipo adye m'mbale yakeyake. Amene akufuna kuona kaphikidwe kake afunse mlangizi wa zaumoyo pa tsiku la sikelo.