ZILONDA ZA M'MIMBA ZOKANA MANKHWALA

Amalume anga a ku Mualadzi, m'boma lino la Chifunde, ndi munthu wodziwika ndi khasu, koma dzinja lapitali munda wao unagonera. M'mimba munkaotcha ngati moto, makamaka usiku ndi pamene ali ndi njala. Nsima ankangoilawa, ndipo abale ena anayamba kulozana zala kuti pali ufiti.

Akazi ao ankawagulira Flagyl ndi makapusozi pamsika, awiri lero, atatu mawa. Ululu ukachepa ankasiya, ukabwerera ankagulanso. Titapita nao kuchipatala, adokotala anayeza chimbudzi ndi kupeza kachirombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kamayambitsa zilonda za m'mimba zambiri.

Kachiromboka anakatulukira madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, m'chaka cha 1982. Pofuna kutsimikizira anzao okayika, a Marshall anachita kumwa tizirombo timeneti mu 1984 ndipo anadwaladi. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kamalowa m'thupi kawirikawiri munthu akadali mwana, kudzera m'malovu ndi m'madzi kapena chakudya chosasamalika.

Amalume anapatsidwa omeprazole, amoxicillin ndi clarithromycin, koma matenda sanathe. Tizirombo tikamalawa mankhwala pang'onopang'ono timazolowera, osafanso. Vutoli si la kwathu kokha, pakuti mu 2017 bungwe la WHO linaika kachiromboka pa mndandanda wa tizirombo tofunika mankhwala atsopano.

Ulendo wachiwiri anawasinthira mankhwala, nawapatsa mitundu inayi: omeprazole, bismuth, tetracycline ndi metronidazole, kwa masiku 14. Apa ndi pamene banja linagwira ntchito. M'kamwa munkawawa, nseru inali tsiku ndi tsiku, ndipo patsiku lachisanu amalume anafuna kuleka. Mdzukulu wao wa pasukulu ankalemba mzere pakhoma akamwa, akazi ao nabisa kachasu, chifukwa mowa sugwirizana ndi metronidazole. Patatha masabata anayi chimalizireni mankhwala anakayezetsanso, ndipo kachirombo sikanapezeke.

Tsono inu a ku Nsadzu, Cassacatiza ndi midzi yonse ya m'malire, kaya mumapita kuchipatala chachikulu cha ku Tete kaya mumaolokera ku Katete, nyamulani pepala la mankhwala amene munamwa kale kuti adokotala asabwereze omwe analephera. Musagawane mankhwala ndi mnansi. Wodwala zilonda apewe aspirin, Brufen ndi fodya. Akasanza magazi, akachita chimbudzi chakuda chonga phula kapena akamangoonda, thamangirani naye kuchipatala msanga, chifukwa kachiromboka kakakhalitsa kangathe kuyambitsa khansa ya m'mimba.

Amalume tsopano akusosa munda wao, ndipo za ufiti zija palibe akuzitchulanso.