Kufufuza Makolo Amene Anachona Kunja

Mabanja ambiri a ku Nambuma ali ndi kholo limene linapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia kapena ku migodi ya ku Joni n'kuchona komweko. Adzukulu obadwira ku Zimbabwe ndi ku South Africa akafuna kudziwa kwawo, amayambira pa mfunda. Komabe a Phiri ndi a Banda ndi ochuluka zedi, choncho chofunika kwambiri ndi dzina la mudzi ndi la nyakwawa. Popeza Achewa amatsata mbumba ya kuchikazi, wofufuza afunse kumudzi kwa amayi a munthuyo, kumene atsibweni ndi agogo aakazi amasunga mbiri pamtima.

Zolembedwa zimabwera pambuyo. Ku parishi ya Katolika ya Nambuma, monga m'maparishi ena, mabuku a ubatizo ndi a ukwati amatchula makolo, mudzi ndi tsiku. Vuto lake n'lakuti munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la kuubwana, la ubatizo ndi lina la kuntchito, ndipo kalembedwe kake kankasinthasintha.

Za opita kumigodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela zingafunsidwe ku bungwe la TEBA, limene linalowa m'malo mwake. Boma la Malawi linaimitsa maulendowa mu 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown. Makalata a boma la atsamunda ali ku National Archives ku Zomba. Zitupa za unzika za 2017 n'zatsopano kwambiri moti sizingathandize pa mibadwo yakaleyo.