Kuconga Nchito za Ana a Sukulu Mosataya Nthawi

Dzuwa likapendeka, ana a sukulu atabalalika kunka kwao, nchito ya mphunzitsi imakhala isanathe. Iye amanyamula mulu wa makope kupita nao kunyumba, ndipo pamene anansi ace ali kuceza pakhonde, iye amayatsa nyali nayamba kuconga. Zimenezi zimaoneka m'midzi ndi m'mizinda ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe mofanana, ndipo aphunzitsi ambiri anazizolowera monga mtolo umene sungapepuke.

Kulemera kwa mtolowo kungathe kuwerengedwa. Mphunzitsi wa ana 60, akakhala mphindi 3 pa kope liri lonse, atha maola 3 pa phunziro limodzi lokha. Ngati tsiku lomwelo ana alemba masamu, Cingerezi ndi cinenero cao, maolawo afika 9, ndipo usiku sungakwane. Makalasi a ana 60 kapena oposerapo si acilendo m'maiko atatuwa. Ku Zimbabwe ana a sukulu za pulaimale anaculuka koposa kawiri m'zaka zowerengeka dziko litalandira ufulu mu 1980. Ku Malawi boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale mu 1994, ndipo m'caka cimodzi ana anacoka pa 2 miliyoni osakwana kufika pafupi 3 miliyoni. Ku Zambia nako malipirowo anacotsedwa mu 2002, kuyambira Grade 1 kufikira Grade 7. Ana anabwera ambiri, koma maola a tsiku anakhala omwe aja.

Cifukwa cace ca kuconga

Pofuna kupepuza nchitoyi, mphunzitsi ayambe wadzifunsa cifukwa cimene makope amacongedwera. Cifukwa coyamba ndi cakuti mwana adziwe pamene walakwa, ndi kukonza colakwaco akali kukumbukira m'mene anaganizira polemba. Caciwiri ndi cakuti mphunzitsi adziwe cimene ana sanamve, kuti acibwereze. Kope limene libwerera kwa mwini wace patapita masabata 2 lataya zonse ziwirizi, ngakhale litadzala ndi inki yofiira, pakuti mwana waiwala kale ndipo kalasi lafika pa mutu wina. Akulu anati zengerezu adalinda kwaukwau.

Malikisi okha saphunzitsa mwana. Mu 1988 Ruth Butler anafalitsa zimene anapeza pakati pa ana a sukulu ku Israel. Iye anawagawa m'magulu 3: gulu loyamba linkalandira malikisi okha, laciwiri mau ofotokoza pofunika kukonza, ndipo lacitatu malikisi pamodzi ndi mauwo. Amene anapita patsogolo anali olandira mau okha. Olandira zonse ziwiri sanapambane anzao a malikisi okha, ndipo kuoneka kuti maso ao ankathamangira pa nambala, mau aja osawasamala. Cotero mphunzitsi amene alemba mau ambiri pa kope liri lonse, naikanso malikisi pamwamba, angathe kutaya usiku wace pacabe. Pa nchito za tsiku ndi tsiku liu limodzi lolunjika likwanira, ndipo malikisi asungidwe kudikira mayeso.

Kulemba mayankho asanayambe kuconga

Pa mayeso, nthawi yambiri imatha pamene mphunzitsi aima pa yankho liri lonse ndi kulingalira kuti apereke malikisi angati. Mankhwala ace ndiwo kulemba mayankho ndi kugawa malikisi tsiku lomwelo limene mafunso akonzedwa. Ngati samu iri ya malikisi 5, alembe kuti 2 ndi a njira yoyenera, 2 a kawerengedwe, ndi 1 ya yankho. Ngati cimangirizo ciri ca malikisi 20, angathe kugawa 8 a mfundo, 6 a ziganizo, 4 a kalembedwe ka mau, ndi 2 a ukhondo. Atatero, pa pepala liri lonse iye angoyang'ana ngati cinthuco ciripo kapena palibe.

Njira imeneyi imatetezanso cilungamo. Mu 1912 Daniel Starch ndi Edward Elliott, a ku yunivesite ya Wisconsin ku America, anatumiza mapepala 2 a Cingerezi olembedwa ndi ana a sukulu kwa aphunzitsi a sukulu zosiyanasiyana, ndipo aphunzitsi 142 anawaconga pa malikisi 100. Pepala loyamba linalandira malikisi kuyambira 64 kufikira 98, ndipo laciwiri kuyambira 50 kufikira 97. Caka cotsatira anayesanso ndi pepala la masamu, ndipo kusiyana kunakula koposa. Mapepala anali omwewo, koma mphunzitsi ali yense anali ndi muyeso wace mumtima. Ndico cifukwa cace mabungwe a mayeso a boma amayamba asonkhanitsa oconga ao kuti agwirizane pa mayankho ndi malikisi asanakhudze mapepala a ana. Mphunzitsi wa pa sukulu yaing'ono angathe kucita comweco yekha, kapena ndi mnzace wa kalasi lofanana.

Funso limodzi pa mapepala onse

Ambiri amaconga pepala la mwana mmodzi kuyambira funso loyamba kufikira lomariza, kenaka natenga la mwana wina. Njira yofulumira ndiyo kuconga funso loyamba pa mapepala onse, ndipo pambuyo pace laciwiri, cimodzimodzi mpaka kumariza. Yankho limodzi likakhala m'mutu, dzanja limathamanga, ndipo safunikanso kubwerera ku pepala la mayankho kawiri kawiri. Ana onse amayesedwanso ndi muyeso umodzi pa funso limenelo. Nkwabwino kusanganiza mapepala akamariza funso liri lonse, kuti mwana mmodzi asamakhale womariza nthawi zonse pamene mphunzitsi watopa, ndiponso kupinda pamene palembedwa dzina, kuti mbiri ya mwana ingalowe m'malikisi ace.

Colakwa ca ambiri cikonzedwe pa bolodi

Ana a kalasi limodzi amalakwa mofanana, pakuti anamva phunziro limodzi. Pa samu ya 52 kucotsapo 38, ambiri amalemba 26 m'malo mwa 14, cifukwa amacotsa 2 pa 8 poopa kubwereka. Mphunzitsi amene alemba cikonzero ca samuyi m'makope 40 wacita nchito imodzi ka 40. Kuli bwino aike pepala limodzi pambali pace powerenga makope, nalembepo zolakwa zimene zibwera kawiri kawiri, maina a ana ofunika thandizo lapadera, ndi nchito 2 kapena 3 zokoma zoti aonetse anzao. M'mawa mwace atenge mphindi 10 kufotokoza zolakwazo pa bolodi, apereke masamu ena 3 a mtundu womwewo, ndipo ana akonze okha m'makope mwao iye ali pomwepo.

Zizindikiro nazo zimafupikitsa nchito. Mzere pansi pa liu utanthauze kuti lalembedwa molakwa, kuzunguliza kutanthauze kuti pasowa cilembo cacikulu kapena mpumiro, ndipo kamtanda m'mbali katanthauze kuti ciganizo sicimveka. Zizindikirozi zilembedwe pa khoma kuyambira sabata loyamba la caka, ndipo aphunzitsi a sukulu imodzi agwirizane pa zofanana. Mwana amene afunafuna yekha cimene calakwika pa liu lolembedwa mzere amacikumbukira kuposa amene angokopera cikonzero ca mphunzitsi.

Kuconga m'kalasi momwemo

Si makope onse amene ayenera kupita kunyumba kwa mphunzitsi. Pamene ana ali kulemba, iye ayende pakati pao ndi colembera m'manja, naconge masamu 2 oyamba a mwana ali yense amene amfika. Akaona kuti ana 5 oyandikana alakwa mofanana, aimitse kalasi ndi kufotokozanso pomwepo, colakwa cisanazike mizu. M'mera mpoyamba.

Nchito za yankho limodzi lodziwika, monga masamu a pamtima ndi kalembedwe ka mau, ana angathe kuziconga okha posinthana makope, mphunzitsi akulemba mayankho pa bolodi. Pamenepa pafunika kucenjera. Woconga alembe dzina lace pansi pa nchitoyo ndipo acite ndi pensulo, mabwenzi asamasinthane okha okha masiku onse, ndipo malikisi a mwana asachulidwe mokweza pamaso pa anzace. Mphunzitsi atenge makope 10 mwa apo ndi apo kuti aone ngati kuconga kwayenda moona. Koma mayeso amene alamula kuti mwana akwere kalasi kapena abwereze asaperekedwe m'manja mwa ana, cifukwa mlandu wace ndi wa mphunzitsi yekha.

Zimangirizo

Cimangirizo ndico cimadya nthawi koposa, ndipo ana sangaconge ca mnzao. Mphunzitsi amene afuna kukonza ciri conse m'cimangirizo amabweza kope lofiira lokha lokha, ndipo mwana amataya mtima osadziwa poyambira. Nkwanzeru kuuza ana asanalembe kuti sabata lino diso likhala pa zinthu 2 zokha, monga kugawa ndime ndi kuika mipumiro, ndipo sabata linalo pa zina. Makope a ana 60 angagawidwe 12 pa tsiku kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu, m'malo mowaunjika onse kudikira Loweruka.

Mbali ya akulu a sukulu ndi makolo

Aphunzitsi ena amaconga mopitirira poopa mphunzitsi wamkulu, oyendera sukulu ndi makolo, amene amayesa khama la munthu poona kuculuka kwa inki yofiira. Bvuto limeneli linaonekanso ku England, kumene mu 2016 kagulu kosankhidwa ndi boma kanapeza kuti kuconga kunasanduka katundu wolemetsa aphunzitsi popanda phindu lofanana kwa ana, ndipo kanalangiza kuti kuculuka kwa zolemba za mphunzitsi kusayesedwe ngati ubwino wa nchito yace. Mkulu wa sukulu kapena kholo, potsegula kope la mwana, ayang'ane zinthu 3: ngati kopelo linabwerera msanga, ngati mwana anakonza zimene analakwa, ndi ngati colakwa comweco sicionekanso pa masamba otsatira. Zimenezi zikakhalapo, mphunzitsiyo wagwira nchito yace, ndipo maola amene wapulumutsa apite pa kukonzekera phunziro la mawa ndi pa kugona tulo tokwanira.