Kodi Thoza ndi mudzi kapena ndi mwambi?

Mlungu wathawu mphwanga wa Folomu 4 anandipeza pa golosale ya mnzanga pa Boma la Mzimba, buku lili m'manja. Anati, “Amalume, inu munafikako ku yunivesite. Mlakatuli akatchula phiri kapena mudzi wa kwawo, amatanthauza chiyani?”

Abale, ndinachita manyazi. Ku yunivesiteko ndinangokhalako zaka ziwiri, fizi inandithawitsa. Komabe ndinayankha mwamatama kuti mlakatuli satchula malo pachabe, nthawi zonse pamakhala chobisika. Mwanayo analemba, nkumapita. Usiku tulo sitinabwere, chifukwa ndinaona kuti mwina ndamusocheretsa.

Yankho langalo lili ndi gwero lake. M'nthawi ya chipani chimodzi, bungwe lounika mabuku lomwe linadza ndi lamulo la 1968 linkasefa chilichonse chosindikizidwa. Alakatuli a Writers Group, gulu lomwe linayamba ku Chancellor College mu 1970, anaphunzira kulankhula mozungulira. Jack Mapanje potchula dzenje la Chingwe pa phiri la Zomba, owerenga ankaganiza za anthu osowa mosadziwika bwino. Steve Chimombo potchula Napolo, njoka ya m'nthano yogumula mapiri, ambiri ankamva za mphamvu yosesa anthu popanda wofunsa. Ndipo sizinali zamasewera: Mapanje, mwini buku la Of Chameleons and Gods la 1981, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Tsono ife tinazolowera kuwerenga ndakatulo ngati apolisi ofufuza. Phiri lililonse ndi Kamuzu, mtsinje uliwonse ndi misozi. Basi.

Koma taganizani za Lupenga Mphande, mmodzi mwa oyambitsa gulu lomwelo, yemwe anabadwira ku Thoza kuno ku Mzimba mu 1947 ndipo anakaphunzitsa ku Ohio State University ku America. Ndakatulo zake, monga za m'buku la Crackle at Midnight la 1998, zimabwerera kawirikawiri ku mapiri ndi midzi ya kwawo. Kodi munthu wokhala kutali chotero akatchula Thoza, ndiye kuti akubisa ndale? Bwanji ngati akungofuna kuti mudziwo usafafanizike m'mutu mwake?

Loweruka ndinakwera matola kupita ku Embangweni. Pafupi nane panakhala mayi wogulitsa tomato, yemwe mwana wake ali ku Joni chaka chachisanu tsopano. Anandiuza kuti mnyamatayo akaimba foni safunsa za mitengo ya zinthu, amafunsa ngati mtengo wa mango wa kuseli kwa khola udakalipo. Apo mpamene ndinamvetsa. Kwa iye mtengowo si chizindikiro cha kanthu kena ayi, ndi mtengo womwewo, ndipo akuusowa.

Ngakhale maina a kuno ali ndi katundu wawo kale mlakatuli asanawakhudze. Embangweni, Edingeni, Euthini: awa ndi maina a Chingoni, ochokera kwa anthu a Zwangendaba omwe anawoloka Zambezi mu 1835. Lero pamsika pamveka Chitumbuka, Chingoni chinatsalira m'maina ndi m'nyimbo za ingoma, ndipo adzukulu awo akubwerera kummwera komweko kukafuna maganyu. Wotchula dzina lotere watchula ulendo wonsewo, afune asafune.

Sindikunena kuti zobisika kulibe. Amene angawerenge Mapanje ngati kalozera wa alendo okaona phiri la Zomba waphonya. Ndikungoti tisathamangire kuchotsa malowo kuti tipeze tanthauzo, ngati wosenda nthochi nkutaya nthochiyo.

Ndamuitananso mphwanga uja. Ndikamuuza kuti ayambe wafunsa: malowa ali kuti, kunachitika zotani, ndipo mlakatuliyo ankalemba ali komweko kapena ali kutali? Zobisika azifufuze pambuyo pake. Mayeso ali pafupi, ndipo sindifuna kuti alakwe chifukwa cha matama a malume wake.