Kukoleji Amadyera Kuti, Nanga Amapumira Kuti?

Anzanga a Folomu 3 ndi 4, tikamakamba za kukoleji timangowerengera mapointi a MSCE basi. Koma ukafikako uzidya chiyani? Mutu ukatentha ndi mabuku uzipumira kuti? Ndakhala ndikufunsa anzathu am'dera lino omwe anatitsogolera kumeneko, ndiye ndati ndikugawireniko zomwe ndamva.

Choyamba, chakudya si chaulere. Kale ophunzira ankadyetsedwa ndi sukulu, koma masiku ano m'mayunivesite a boma aliyense amadzigulira yekha. Ovutika amatha kupempha thandizo ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Komatu imeneyo ndi ngongole, munthu amadzabweza akamaliza maphunziro.

Malo odyera alipo a mitundu inayi. Pali kafeteriya ya pasukulu, yomwe ili pafupi ndi makalasi koma imatha ndalama msanga ukamadyako katatu pa tsiku. Pali timalesitilanti ta kunja kwa mpanda, momwe mumapezeka nsima ya nyemba, usipa kapena masamba pamtengo wotsikirapo. Pali pachiwaya, pomwe pamakhala tchipisi ndi kanyenya. Pamakoma, koma kuzolowera pamenepo ndiye kuti pakati pa mwezi m'thumba mwauma. Njira yachinayi ndi kudziphikira. Ophunzira ambiri a UNIMA ku Zomba amachita lendi ku Chikanda, a Mzuni amakhala cha ku Luwinga, pomwe a LUANAR ku Bunda amakagula ndiwo kumsika wa Mitundu. Anthu atatu kapena anayi akasonkherana ufa, makala ndi mafuta n'kumaphika pa mbaula imodzi, ndalama imatalikirako.

Kwa ife ana a alimi a fodya pali vuto lapadera. Makolo athu amagwira ndalama fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, kuyambira cha mu Epulo. Koma Januwale ndi Febuluwale, fodya akadali kumunda, kunyumba kumakhala kulibe choti angatumize. N'chifukwa chake ochenjera amanyamuliratu ufa, nyemba, mtedza ndi mfutso pochoka kwawo, osangodalira kuti pa foni palowa kanthu.

Nanga kupuma? Ubongo umagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zonse za thupi, ngakhale ndi wochepa. Ukawerenga ndi njala kapena maola ambiri osadzukapo, maso amangoyenda pa pepala koma m'mutu simulowa kanthu. Tulo nato n'tofunika, chifukwa pogona m'pamene zomwe waphunzira zimakhazikika.

Malo abwino opumira ambiri safuna ndalama: bwalo la mpira wamiyendo kapena wamanja, pansi pa mtengo ndi bawo, kwaya, ndi magulu a mapemphero monga SCOM ndi YCS. A ku Zomba amakwera phiri kukaona damu la Mulunguzi, a ku Bunda nawo phiri ali nalo pakhomo pomwepo. Koma aliponso malo ena omwe amati ndi opumira, chonsecho amadya munthu: m'mabala ndi mobetchera mpira. Ndalama ya chakudya ikathera kumeneko, ena amagwa m'ngongole za katapila, ndipo atsikana ena amakodwa ndi azibambo owanyengerera ndi kandalama ka ndiwo.

Ndiye tiyambiretu pompano. Sukulu yathu ndi yoyendera, ambiri timachoka kutali m'mimba muli gwaa. Tizinyamulako mbatata yophika, chimanga chokazinga kapena botolo la thobwa. Nthawi ya buleki tizitulukadi panja, osangowerama pa desiki. Ndipo inu anyamata, phunzirani kuphika nsima mudakali pakhomo, chifukwa ku Chikanda kulibe mlongo wanu woti akakugwirireni mthiko.