Ng'ombe za Tuli: Chuma Chopirira Dzuwa

Abale athu a ku migodi ndi a m'mafamu a ku Zvishavane, tamverani mawu awa. Mgodi umakalamba monga munthu. Wa Shabanie, umene unayamba kukumbidwa mu 1916, unadyetsa makolo athu ambiri ochokera ku Nyasaland, koma lero sulembanso anthu monga kale. Chifukwa chake munthu wanzeru amasunga ndalama zake m'khola. Koma agule ng'ombe yotani m'dziko lino la mvula yochepa?

Mu 1942 mlangizi wa zaulimi, Len Harvey, poyenda kumwera kwa Gwanda, anaona kuti pakati pa ng'ombe za anthu a kumeneko panali zina zachikasu, zonenepa ngakhale msipu utauma. Mu 1945 Boma linapatula malo oziwetera, ndipo anagula zabwino zokhazokha kwa eni ake a m'midzi, nazisankha chaka ndi chaka. Ng'ombezo anazitcha Tuli, dzina la mtsinje wa m'dzikomo. Tsono musayese kuti ndi ng'ombe ya Azungu, iyayi. Inaleredwa ndi anthu akuda kuyambira kalekale.

Maonekedwe ake ndi awa: bweya waufupi wosalala, wachikasu, wofiira kapena woyera, linunda laling'ono pakhosi, losiyana ndi la ng'ombe za kwathu ku Malawi, ndipo zambiri zimabadwa zopanda nyanga. Imapirira kutentha, imayenda mtunda kufuna madzi, ndi yofatsa, ndipo thadzi lake limaswa kawirikawiri popanda vuto. Nyama yake ogula amaikonda. Mbiri yake inamveka kutali, kotero kuti mu 1990 mtundu uwu unafika ku Australia.

Koma chenjerani. Nkhupakupa siziiluma kwambiri monga ziluma ng'ombe za ku Ulaya, komabe nthenda ya January, imene imadza ndi nkhupakupa nyengo ya dzinja, siiopa mtundu uliwonse. Musaphonye tsiku la dibi. Sungani mapesi a chimanga kudikira mwezi wa October. Pogula, funsani alangizi a ziweto, muone ndi maso anu mayi wa ng'ombeyo, ndipo musaiyendetse popanda kalata ya chilolezo.

Wosakhoza kugula thadzi agwirizane ndi anzake, asonkhe ndalama agule nkhunzi imodzi ya Tuli, kuti ana a ng'ombe zawo atenge mphamvu yake. Akulu anati, sunga khosi mkanda uoneke.